Za madzi ochepa aja akuuza ku sikani

Tadala mwana wanga,

Voice note yako yonena kuti ku sikani akuuza kuti madzi a mwana m'mimbamo achepa ndaimva, kulira kuja kwandipweteka mumtima ndiye ndati ndingolemba, chifukwa pa foni umangoti eya amayi eya amayi koma mutu uli kwina. Choyamba usadziimbe mlandu, palibe wakulodza ndipo si mdulo ayi, ku matenite kuja ndinkagwira tinkawaona azimayi otere ndipo ambiri ankatuluka ndi ana awo kumsana.

Madzi a mu nsupa aja, mimba ikadutsa ma wiki 20 ambiri amakhala mkodzo wa mwana yemweyo, amameza kenako nkukodza, choncho choncho. Cha m'ma wiki 34 mpaka 36 amafika pafupifupi lita imodzi kenako amayamba kutsika okha. Pa sikani akapeza kuti AFI, muyezo wa madzi amenewa, ili pansi pa ma sentimita 5 ndi pamene amati achepa, tajambula pepala lija unditumizire ndione nambala yake.

Chikundilimbitsa mtima nchoti uli pa wiki 34. Akachepa mimba ikadali yaing'ono, cha m'ma wiki 20, mpomwe pamavuta zedi chifukwa mapapo sakula bwino ndipo mwana amapanikizika mpaka timapazi kupindika, wakoyu nyengo imeneyo wadutsa. Chatsala choopa ndi chingwe cha mchombo, popanda madzi okwanira chimatha kutsinidwa makamaka matenda akayamba, mwana nkumaperewera mpweya. Komanso nthawi zambiri madzi ochepa amatiuza kuti nsengwa yatopa, sikupereka magazi okwanira ndiye mwana sakodza kwambiri komanso sanenepa, ndipo BP yokwera imachita zimenezi, nchifukwa chake ndikuti aziyeza BP ulendo uliwonse. Mutu ukamawawa kwambiri, m'maso nkumachita mdima kapena nkhope kutupa, usadikire tsiku la sikelo.

Nthawi zina nsupa imabooka pang'ono madzi nkumadontha iwe nkumayesa mkodzo. Ika kansalu koyera kouma, kakamanyowa ndi madzi oyera osanunkha mkodzo pita ku chipatala tsiku lomwelo chifukwa tizilombo timalowera pomwepo, ndipo bambo akunyumba ayambe apumula, wandimva.

Brufen ndi Diclofenac usayerekeze olo msana uwawe bwanji, amasokoneza impso za mwana madzi nkuchepera chepera, imwa Panado basi. Mwanamphepo nayenso ayi. Ndikudziwa alipo akubwera naye mwachikondi kuti uchire msanga, alandire bwino koma usamwe, amalimbitsa matenda mopyola muyezo pomwe chingwe chili kale pa mpanipani. Madzi akumwa ndiye imwa ndithu, botolo lizikhala pambali pako, amathandizako ngakhale salowa m'malo mwa sikani.

Chomwe ndikufuna ugwire kwambiri ndi kusewera kwa mwana. Iwe ndi amene ukumudziwa nthawi zomwe amakankha. Ukaona kuti lero wachita zii, gona chakumanzere umvetsere, akapanda kusewera monga mwa masiku onse nyamuka, kaya ndi 2 koloko usiku, usati tione kukacha. Anamwino ena amayankhula mokalipa, zisakubweze, bola amve kugunda kwa mtima wa mwana.

Ndipo akanena kuti tiyambitse matenda masiku asanakwane kapena tipange opareshoni, vomera mwana wanga, za anthu zoti opareshoni ndi ulesi usazimvere. Nthawi zina mwana amakhala bwino kunja kusiyana ndi mkati, ndipo akabadwa wochepa sikelo kuli kangaroo, tizisinthana ine ndi iwe kumuika pachifuwa.

Chikwama longedzeratu lero, zitenje, beseni, kabuku ka kusikelo pamwamba, ndipo apongozi anga asunge ndalama ya transipoti ndi nambala ya galimoto yoti ingabwere usiku. Ine ndikwera minibasi Loweruka ndikangopeza wondionera nkhuku.

Mayi ako