Tisiye kuwotcha petulo pofuna kudzaza batire la hybrid

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Highfield mu mzinda wa Harare, kumene ndimagwira ntchito yokonza zamagetsi m'magalimoto. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo nyuzipepala yanu timaiwerenga pa foni ife amene tili kuno. Nkhani yanga ndi ya magalimoto a hybrid, aja oyendera petulo ndi batire pamodzi, monga Toyota Aqua, Prius ndi Honda Fit. Kuno adzaza misewu, ndipo abale akaimba foni kuchokera ku Lilongwe ndi Blantyre amati kumeneko ayambanso kuchuluka chifukwa cha kudula ndi kusowa kwa mafuta. Chimene chikundiwawa n'chakuti anthu akugula galimoto yosamwa mafuta, kenako n'kumaikakamiza kumwa mafuta, ati posamalira batire.

Mchitidwe umene wafala ndi uwu. M'mawa munthu asananyamuke amaliza galimoto, kuika giya pa D, phazi lamanzere pa buleki, lamanja n'kuponda moto mpaka pansi. Injini imabangula galimoto ili chiimire, mwiniwake maso ali pa timizere ta batire pa dashibodi, kudikira kuti tikwere mpaka pamwamba. Alamu anga a ku Mufakose, amene amanyamula anthu ndi Aqua yawo, ndinawapeza akuchita zimenezi pabwalo, nkhuku zitabalalika ndi phokoso. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, magetsi amene mukudzazawa akuchokera kuti?" Iwo anati ku injini. "Nanga injiniyo ikudya chiyani?" Anangochotsa phazi pamoto osayankha. Si iwo okha. Wina anawauza ku siteji kuti batire likadzaza m'mawa galimoto imayenda tsiku lonse ndi mafuta ochepa, ndipo mawu otere amayenda msanga pakati pa madalaivala.

Galimoto zimenezi sizilumikizidwa ku magetsi a pakhoma. Kulipo mtundu wina umene umatero, monga Prius PHV ndi Mitsubishi Outlander PHEV, koma ambiri mwa ife sitiyendetsa zimenezo. Aqua wamba imapeza magetsi m'njira ziwiri zokha: injini ikamazunguza jenereta, ndiponso galimoto ikamachepetsa liwiro, pamene matayala amazunguza mota ya magetsi n'kuisandutsa jenereta. Njira yoyambayo imalipiridwa ndi petulo. Batire lili ngati mtsuko, chitsime ndiye thanki ya mafuta, ndipo ulendo uliwonse wochoka kuchitsime kupita kumtsuko madzi ena amatayikira m'njira. Mphamvu ikachoka mu petulo kulowa mu jenereta, kuchoka apo kulowa mu batire, kenako kubwereranso ku mota, pa sitepe iliyonse ina imatha ngati kutentha. Amene amadzaza batire galimoto ili chiimire wagula magetsi odula kwambiri, ndipo sanasunthe ngakhale mita imodzi.

Komanso anthu sadziwa kuchepa kwa batireli. La Aqua yakale lili ndi timagulu 20 ta maselo (timabatire ting'onoting'ono) topereka mavolti 144, la Prius yakale timagulu 28 topereka mavolti 201.6. La Aqua likadzaziratu silikwana ngakhale yuniti imodzi ya magetsi, yuniti yomwe ija timagula ku ZESA kuno kapena ku ESCOM kwathu. Ndipo kompyuta ya m'galimoto siilola kuti lonselo ligwiritsidwe ntchito. Imalisunga pakati pa 40 ndi 80 peresenti, n'kumayesetsa kulibwezera cha pa 60. Timizere tonse tikayaka si kuti batire ladzaza, ndipo tikatsala tiwiri si kuti latheratu. Akatswiri a Toyota, amene anatulutsa Prius yoyamba ku Japan mu 1997, anachita dala zimenezi, chifukwa batire la mtundu uwu limakhalitsa likamasewera pakatikati. Malo opanda kanthu amene kompyuta imasiya pamwambapo ali ndi ntchito yake: ndi momwe mumalowa magetsi aulere a pa buleki. Mukadzaziratu pabwalo, pa maloboti oyamba magetsi aja amasowa kolowa.

Mbali inayo kuli anthu a batani la EV, lija loyendetsa galimoto ndi batire lokha injini itazima. Amenewa amakhulupirira kuti injini ikakhala chete ndiye kuti apulumutsa, choncho amaumiriza galimoto kuyendera batire lokha mpaka timizere titsale tiwiri. Batani limeneli ndi lotulukira pageti m'bandakucha osadzutsa ana, kapena kusuntha pang'ono pamalo oimika magalimoto. Silipitirira kilomita imodzi kapena awiri. Batire likatsika, injini imadzuka n'kuyamba kugwira ntchito ziwiri, kukoka galimoto ndi kubweza ngongole ya batire.

Chimene ndimadandaula nacho kwambiri ndi giya ya N, ija ya nyutulo. Ife amene tinaphunzira pa magalimoto akale tinazolowera kumasula giya potsetsereka, ndipo chizolowezicho chalowa m'magazi. Pa hybrid ya Toyota, giya ikakhala pa N batire silitchajidwa konse. Mukatsetsereka pa N mwataya magetsi onse amene mtsetsewo ukanakupatsani, ndipo mabuleki akunyamula okha katundu yense. Chimodzimodzi pa mzere wa mafuta. Munthu amaika pa N, ziziritso zili kuwomba, wailesi ili kulira, batire n'kumatsika popanda chobwezera mpaka galimoto iyamba kulira alamu. Poima ikani pa P, kapena khalani pa D phazi lili pa buleki. Giya ya B nayonso si yotchajira msanga monga ena amanenera. Imagwiritsa ntchito injini kugwira galimoto, ndipo malo ake ndi mtsetse wautali monga wa Christmas Pass potsikira ku Mutare kapena wa Boterekwa ku Shurugwi. Pamalo ngati amenewa timizere timadzaza tokha, kenako mumamva injini ikulira mokweza inu musanaponde moto. Musachite mantha, siinawonongeke. Kompyuta ikuizunguza popanda mafuta kuti itaye mphamvu imene batire silingalandirenso.

Nanga kupulumutsa kwenikweni kuli pati? Kuli kuphazi. Tengani msewu wa Seke m'mawa, pamene Chitungwiza yonse ikulowa m'tauni, kapena Samora Machel Avenue ndi maloboti ake otsatizana. Apa ndiye pamene hybrid imaonetsa ubwino wake, chifukwa poima injini imazima, ndipo ponyamuka mota ya magetsi ndiyo imakoka, nthawi imene injini ya petulo imamwa kwambiri. Koma zimadalira mmene mumaimira. Mukaona loboti yofiira patali, chotsani phazi pamoto msanga, gwirani buleki pang'onopang'ono kwa mtunda wautali, n'kumayang'ana kamuvi ka pa dashibodi kali m'chigawo cholembedwa CHG, kutanthauza kutchaja. Nthawi yonseyo mota ndiyo ikugwira galimoto ndipo magetsi akulowa mu batire. Mukathamanga mpaka pamphuno pa loboti n'kuponda buleki mwamphamvu, monga amachitira anyamata a makombi, maminibasi a kuno, polimbirana okwera, batire silingameze mphamvu yonseyo nthawi imodzi. Yotsalayo imapita ku mabuleki wamba n'kusanduka kutentha ndi fumbi lakuda la pa malimu. Ine galimoto ikabwera ku galaja ndimayang'ana mapadi a buleki, ndipo ndimadziwa mwiniwake amayendetsa bwanji ndisanamufunse. Woyendetsa mofatsa mapadi ake amakhala zaka.

Pa msewu wautali nkhani imasintha, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Aqua itatuluka mu 2011, mayeso a ku Japan anailembera makilomita 35.4 pa lita imodzi, ndipo ogulitsa amakonda kutchula nambala imeneyi. Koma amenewo ndi mayeso a m'chipinda, pa liwiro lochepa, popanda ziziritso, popanda katundu. Pa Khrisimasi tikamapita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, m'galimoto muli anthu asanu, kumbuyo kuli masutikesi, shuga ndi mafuta ophikira, liwiro lili pa 120. Pamenepo injini ya malita 1.5 ikugwira ntchito osapuma, mabuleki sakupondedwa, ndipo batire lilibe chothandiza chachikulu. Mphepo yolimbana ndi galimoto imakula msanga kuposa liwiro, moti kutsika kuchoka pa 120 kufika pa 90 kapena 100 kumaoneka m'thanki. Onjezani kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, mafuta opangidwa kuchokera ku nzimbe, wa ku Chisumbanje, nthawi zina mpaka 20 peresenti malinga ndi mmene ZERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi kuno, yalengezera, monganso kwathu amasakaniza wa ku Dwangwa ndi Chikwawa. Lita ya ethanol ili ndi pafupifupi magawo awiri okha mwa magawo atatu a mphamvu ya lita ya petulo, choncho makilomita amatsikako ndithu. Izi si vuto la batire. Ngakhalenso m'mawa wa mwezi wa June, kukazizira, injini imalira nthawi yaitali kuti itenthe, makamaka mukayatsa hita, ndipo ulendo waufupi wokasiya ana kusukulu umatha isanazime n'kamodzi komwe.

Ngati munthu akufunadi kusamalira batire, mdani wake ndi kutentha. Batire la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limaziziritsidwa ndi fani yaing'ono imene imakoka mpweya wa m'galimoto momwemo kudzera pa kazenera ka m'munsi mwa mpandowo. Kazenera kameneka ndimakapeza kataphimbidwa ndi chitenje, thumba la mbatata kapena chikwama cha mwana. Mayi wina wa ku Mabvuku anabwera akudandaula kuti galimoto yayamba kumwa ngati lole ndipo ikufooka pachitunda. Wina anali atawauza kale kuti agule batire lina. Nditachotsa mpando n'kumasula fani, mapiko ake anali atamatidwa ndi fumbi lofiira losakanikirana ndi tsitsi, ulusi wa mabulangete ndi gaga, zolimba moti ndinachita kupala ndi burashi. Batire likatentha, kompyuta imachepetsa kuligwiritsa ntchito pofuna kuliteteza, injini n'kumanyamula yokha mtolo wonse. Titatsuka fani ija mayiwo anapita kwawo batire lawo lomwe lija lili m'malo mwake. Ndi misewu yathu yafumbi, fani imeneyi ikufunika kuonedwa chaka ndi chaka, koma pa sevisi ambiri amangosintha oilo basi. Ndipo mu October, kukatentha, kuyatsa ziziritso kumathandizanso batire, chifukwa limapuma mpweya womwe mukupuma inuwo.

Palinso china chimene chimanyenga ogula. Batire lotopa limadzaza msanga. Timizere tikamakwera kuchoka pawiri kufika pamwamba m'kanthawi kochepa, n'kugwanso pongokwera kachitunda kamodzi, si kuti batire lili ndi mphamvu. Malo ake osungira magetsi achepa. Ndamvapo ogulitsa akuloza timizere todzaza n'kumati onani batire latsopano, wogula n'kusangalala. Kuyambira 2021 boma la Zimbabwe linaletsa kuitanitsa magalimoto opitirira zaka khumi, komabe galimoto yofika ili ndi zaka zisanu ndi zitatu yabwera ndi batire la zaka zomwezo, ndipo batire limakalamba ndi zaka, osati makilomita okha. Chenjezo likayaka pa dashibodi, makina oyezera n'kuonetsa P0A80, nambala yosonyeza kuti batire lafooka, anyamata ena amangosintha kagulu kamodzi ka maselo ndi kena kochotsa m'galimoto yangozi, n'kufufuta chenjezolo. Galimoto imayenda miyezi ingapo, kagulu kena n'kufooka, munthu kulipiranso. Sindikana kuti m'thumba mukachepa timachita zimene tingathe, koma makaniko azinena zoona kuti ichi n'chigamba, ndipo aziyeza timagulu tonse asanatseke. Ndipo chonde, mawaya a mtundu wa lalanje musawagwire kunyumba. Mphamvu ya mmenemo ingaphe munthu.

Pempho langa likupita ku sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto ndi kwa a TEVETA kwathuko. Ophunzira akuphunzitsidwabe ngati galimoto zonse ndi za kilatchi, pamene galimoto yoyamba imene ambiri adzagule ingakhale hybrid. Phunziro la ola limodzi lokha lofotokoza N, B, EV ndi kazenera ka fani lingapulumutse mabanja ambiri ku ngongole ya batire. Amakaniko achinyamata nawonso akufunika maphunziro a magetsi amphamvuwa asanayambe kumasula ndi manja.

Kwa amene akukagula, musalipire galimoto itangolizidwa pabwalo. Pemphani kuiyendetsa kwa theka la ola, m'tauni ndi pachitunda pomwe, ziziritso zili zoyaka, maso ali pa timizere. Tiziyenda pang'onopang'ono cha pakati, osati kulumpha. Tcherani khutu kumpando wakumbuyo ngati fani ikuwomba mokweza nthawi zonse. Mutenge makaniko wokhala ndi makina owerenga mavolti a kagulu kalikonse, ndipo wogulitsa akakana kuti makinawo alumikizidwe, isiyeni galimotoyo mukaone ina.

Ndine wanu,
Makaniko wa zamagetsi,
Highfield, Harare