Lipoti la msonkhano wokambirana zilango za mafuta pa mipikisano ya magalimoto

A Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Zikomo pondituma kukaimira gulu lathu ku msonkhano wa masiku awiri wa oyendera magalimoto ndi oweruza mipikisano. Nkhani zinali zambiri, koma imene munandiuza kuti ndikaitchere khutu, ya zilango za mafuta, ndi imenenso inatidyera nthawi. Za matayala ndi zipewa zotetezera ndidzafotokoza pakamwa tikakumana.

Otsogolera zokambirana anayamba ndi zomwe zinachitika ku Hungary mu 2021, pa Formula 1, mpikisano wapamwamba wa magalimoto othamanga padziko lonse. Sebastian Vettel wa Aston Martin anamaliza wachiwiri. Lamulo linkati pa nthawi iliyonse ya mpikisano oyendera azitha kutapa lita imodzi ya mafuta m'galimoto kuti akaiyeze. M'galimoto ya Vettel anangotapamo 0.3 lita, ndipo dzina lake linachotsedwa pa zotsatira. Timu yake inanena kuti mafuta anatayika chifukwa cha vuto la makina, koma oweruza sanasinthe chigamulo. Tonse tinamumvera chisoni. Kenako tinauzidwa kuti tiwerenge mapointi a anthu ena. Lewis Hamilton anachoka pa nambala 3 kufika pa nambala 2, mapointi ake nkukwera kuchoka pa 15 kufika pa 18. Max Verstappen anachoka pa nambala 10 kufika pa nambala 9, nkupindula pointi imodzi yokha. Awiriwa ndi amene ankalimbirana ukatswiri wa chaka chimenecho, ndipo anafika pa mpikisano womaliza ku Abu Dhabi aliyense ali ndi mapointi 369.5. Pakanapanda nkhani ya thanki ya Vettel, Verstappen akanafika kumeneko ali patsogolo ndi mapointi awiri.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene ndabwera nacho kwa inu: tikachotsa dalaivala mmodzi chifukwa cha mafuta, onse a kumbuyo kwake amasuntha, ndipo mapointi ake amagwera anthu omwe mwina akulimbirana chikho. Woyendera amene wanyamula botolo la sampulo akhoza kusankha katswiri wa chaka asakudziwa.

Mlandu umene tinakhalitsapo kwambiri ndi wa ku Brazil mu 2007. Kimi Räikkönen anapambana mpikisano womaliza pa 21 Okutobala, nkumaliza chaka ndi mapointi 110, pomwe Hamilton ndi Fernando Alonso anali ndi 109 aliyense. Madzulo omwewo kunamveka kuti mafuta a BMW Sauber ndi Williams anali ozizira kupitirira muyezo. Lamulo silinkalola kuti mafuta azizire kuposa mpweya wa panja ndi madigiri oposa 10, chifukwa mafuta ozizira amathina, amalowa msanga m'thanki komanso amawonjezera mphamvu ya injini. Madalaivala a matimu awiriwa, Nico Rosberg, Robert Kubica ndi Nick Heidfeld, anamaliza pa nambala 4, 5 ndi 6, Hamilton pa nambala 7. Atatuwo akanachotsedwa, Hamilton nkukwezedwa kufika pa nambala 4, ukatswiri ukanakhala wake. Oweruza sanapereke chilango chifukwa miyezo iwiri ya kutentha kwa mpweya tsikulo inkasiyana, ndipo panalibe chonena kuti wolondola ndi uti. McLaren, timu ya Hamilton, inachita apilo, ndipo khoti la FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, linaikana pa 16 Novembala chifukwa sinabwere m'njira yoyenera. Kwa pafupifupi milungu inayi Räikkönen anali katswiri wokayikiridwa. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma ineyo ndikuona kuti pa masewerawa mlandu ukachedwa umaoletsa chikho chenichenicho. Ndipo gwero la zonsezo linali laling'ono: sanagwirizane mpikisano usanayambe kuti chipangizo chodalirika choyezera kutentha ndi chiti.

Red Bull inakumana ndi zofanana ku Australia mu 2014, chaka chimene lamulo loti mafuta asalowe mu injini mopitirira makilogalamu 100 pa ola linayamba. Timuyo sinakhulupirire kachipangizo ka FIA koyezera mafuta olowa mu injini, inagwiritsa ntchito muyezo wake, ndipo Daniel Ricciardo analandidwa nambala 2 pamaso pa anthu akwawo. Apilo inalephera. Kusiyana kwake ndi 2007 nkwakuti apa chipangizo chovomerezeka chinali chodziwika kale.

Tsiku lachiwiri kunabuka mtsutso, ndipo mawu anakwera. Nthumwi zina zinati si chilungamo kulanga wolakwitsa mwangozi mofanana ndi wobera dala. Zinapereka chitsanzo cha BAR Honda mu 2005 ku San Marino, kumene galimoto ya Jenson Button inapezeka yopepuka kuposa muyezo atakhuthula mafuta a m'kathanki kena ka mkati, timuyo nkuletsedwa mipikisano iwiri. Zinafunsa kuti zimenezo zingafanane bwanji ndi pampu yomwe yangowonongeka. Zinkafuna kuti wolakwitsa mwangozi azingolipira ndalama kapena kuwonjezeredwa masekondi.

Ine ndinaima ndi mbali inayo, ndipo ndikupempha kuti gulu lathu liime pomwepo. Malamulo a FIA amanena poyera kuti galimoto ikapezeka yosatsata malamulo a kapangidwe, kunena kuti sinapindulepo kanthu si chodzitetezera. Woyendera sangaone mtima wa makaniko. Amaona mafuta omwe alipo ndi omwe palibe. Komanso mafuta ali ndi kulemera: mamililita 700 amene anasowa kwa Vettel ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Mukangolola kuti wosowa sampulo azilipira ndalama, matimu olemera ayamba kuthira mafuta ochepa nkumayika chindapusacho pa bajeti. Kusiyanitsa wobera ndi wolakwitsa kukhale pa chilango chowonjezera, monga kuletsedwa mipikisano, koma zotsatira za tsikulo onse azitaye.

Chilango chokhwima sichipha ukatswiri nthawi zonse. Ku Abu Dhabi mu 2012 Vettel yemweyo anapezeka ndi mamililita 850 okha, osakwana lita, atatha mpikisano wopezera malo oyambira. Anayambira kumbuyo, kuchokera m'njira ya magalaja, nkumaliza wachitatu, ndipo anatenga ukatswiri wa chakacho ndi mapointi atatu okha pamwamba pa Alonso. Chigamulo chinaperekedwa mpikisano usanayambe, choncho anali ndi mwayi wodziwombola pamsewu, ndipo palibe amene anadandaula.

Chimene sindinakhutire nacho ndi chigamulo cha ku Brazil mu 1995, ngakhale nthumwi zina zinachiyamikira. Michael Schumacher ndi David Coulthard anachotsedwa chifukwa mafuta awo a kampani ya Elf sanafanane ndi sampulo yovomerezeka, Gerhard Berger nkulengezedwa wopambana. Pa apilo madalaivala awiriwo anabwezeredwa mapointi awo, koma matimu awo, Benetton ndi Williams, sanabwezeredwe. Galimoto imodzimodziyo ingakhale bwanji yolakwa kwa timu koma yolungama kwa woiyendetsa? Ndinanena kuti ife njira imeneyi tisaitengere. Tinakhudzanso pang'ono za mgwirizano wachinsinsi wa FIA ndi Ferrari mu Febuluwale 2020 pa nkhani ya injini ya 2019, umene matimu asanu ndi awiri anaudandaula pamodzi. Palibe nthumwi inautchinjiriza.

Tsono ndikubweretsa kwa komiti zopempha izi. Choyamba, tilengeze kuchuluka kwa sampulo imene galimoto iyenera kukhala nayo ikamaliza, ndipo tiziwakumbutsa madalaivala pa msonkhano wa m'mawa, popeza ambiri amagwa pamenepa chifukwa chosawerengera mtunda wobwerera kugalaja. Chachiwiri, sampulo izitapidwa woimira timu akuona, igawidwe m'mabotolo atatu omata ndi kusayinidwa, limodzi la koyezera, lina la timu, lina losungidwa ngati pangakhale apilo. Chachitatu, chipangizo chilichonse choyezera chitchulidwe ndi dzina chaka chisanayambe, ndipo muyezo wake ndi umene uziweruza. Chomaliza, chimene ndikuchiona chachikulu, tiike malire a masiku omvera apilo, ndipo pa mpikisano womaliza wa chaka chikho chisaperekedwe mpaka zotsatira za mafuta zitatuluka.

Zopempha ziwiri zoyambirira sizifuna ndalama zambiri, ndipo tikhoza kuziyamba pa mpikisano ukubwerawu. Ziwiri zinazo zikufuna kusintha malamulo, choncho ndikupempha a mlembi aziike pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu wotsatira. Zolemba zonse zimene tinalandira ndazisiya kwa iwo kuti aliyense wofuna aziwerenge tisanavote.

Ine nthumwi yanu.