Ana asamalote nambala pa masamu a x³

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa mutu umodzi wa masamu a Fomu 4 umene ukuwatayitsa ana mamalikisi popanda chifukwa: kupanga factorise ma polynomial okhala ndi x³, kutanthauza kuphwanya samu ngati 2x³ − 3x² − 11x + 6 kukhala mabulaketi ochulukitsana otchedwa ma factor.

Madzulo ndimathandizako masamu ana angapo a kuno ku Lizulu amene akukonzekera mayeso a MSCE. Factor theorem onse analoweza: ukaika nambala m'malo mwa x n'kupeza ziro, ndiye kuti wapeza factor. Koma ukafunsa kuti nambala yoikapoyo ichokera kuti, yankho ndi lakuti "timangoyesa". Mwana ayesa 4, ayesa 5, afika mpaka 7, tsamba ladzaza, nthawi yatha.

Chonsecho funsolo limadziulula lokha. Titenge 2x³ − 3x² − 11x + 6. Nambala yathunthu iliyonse imene ingapereke ziro iyenera kulowa mu 6 popanda chotsala. Chifukwa chake si chamatsenga ayi. Zigawo zitatu zoyambazo zonse zili ndi x, ndiye zikaphatikizana n'kupereka −6 kuti zifafanize 6 wakumapetoyo, x ameneyo ayenera kugawa 6. Zoyesa zatsala 1, 2, 3, 6 ndi anzawo a minus, basi. Ukaika 1 upeza −6, ukaika 2 upeza −12, ukaika 3 upeza 54 − 27 − 33 + 6, amene ndi ziro. Factor yoyamba ndi (x − 3). Apa mpamene ambiri amapunthwa: aona 3, dzanja lalemba kale (x + 3). Mwana amene anauzidwa kuti factor iyenera kusanduka ziro x akakhala 3 sangalakwitse chotero. Ukagawa utsala ndi 2x² + 3x − 2, ndipo zimenezi ndi za ku Fomu 3: (2x − 1)(x + 2).

Msampha wina uli pa kugawako. Mu x³ − 7x + 6 mulibe x², ndipo mwana akapanda kulemba 0x² pamalo pake, mizere imasokonekera, ayamba kuchotsa x ku x². Ndaonapo kope la mtsikana wanzeru ndithu litafufutidwa mpaka kubooka, vuto lili ziro mmodzi yekha. Yankho lake ndi (x − 1)(x − 2)(x + 3). Onaninso kuti 1 − 7 + 6 ndi ziro. Manambala akutsogolo kwa ma x pamodzi ndi yakumapeto akaphatikizana n'kupereka ziro, (x − 1) ndi factor, osataya n'komwe inki.

Mafunso ena safuna theorem. Mu x³ + 3x² − 4x − 12 ingotengani ziwiriziwiri, x²(x + 3) − 4(x + 3), ndipo (x + 3)(x − 2)(x + 2) yatuluka.

Njira yothetsera x³ wamtundu uliwonse ilipo. Gerolamo Cardano wa ku Italy anaisindikiza mu 1545, ndipo ndi yayitali yotopetsa. Mwana wa Fomu 4 saifuna imeneyo. Iye akungofunika kuyang'ana nambala yakumapeto asanagwire cholembera.

Aphunzitsi sindikuwanena. Kalasi yodzaza, buku limodzi ana angapo, silabasi ikuthamangitsa; mutuwu umangodutsidwa ndi zitsanzo ziwiri pa bolodi. Komabe ndikupempha kuti apatule piriyodi imodzi yokha yofotokoza chifukwa chake timayesa manambala ogawa yakumapeto, ndipo azizoloweza ana kuchulukitsanso mabulaketi kuti aone ngati funso labwerera. Inunso a Mkonzi, mayeso a MANEB akamayandikira, tipatseniko kadanga m'nyuzi yanu koika funso limodzi lotere sabata iliyonse, lofotokozedwa m'Chichewa, kuti mwana wa kwa Kachindamoto kapena ku Tsangano amene alibe womuthandiza madzulo azitha kulitsatira yekha.

Mphunzitsi wopuma,
Lizulu, Ntcheu