Ogulitsa zovala za amayi pa intaneti aziwauza ogula zoona

Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za amayi ndi atsikana amene akugula madiresi, masiketi ndi mabulauzi kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Malonda amenewa ndi othandiza ndithu, makamaka kwa ife okhala kutali ndi Lilongwe kapena Limbe, koma ogulitsa ambiri amaika zithunzi zochokera kumene amaoda katundu ku China kapena ku South Africa, osati za chovala chimene ali nacho m'manja. Wogula amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kulipiranso yotumizira katunduyo pa basi, kenako amalandira diresi la nsalu yopyapyala yoonekera m'kati, ndipo ngakhale lolembedwa XL limamuthina chifukwa miyeso ya ku China nthawi zambiri imakhala yaing'ono.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mayi akadandaula amauzidwa kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, pomwe bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lakhala likuchenjeza amalonda kuti asamabisale kumbuyo kwa mawu otere. Ndikupempha bungweli kuti liziwaunikanso ogulitsa a pa foni, ndipo ogulitsawo azijambula chovala chenichenicho ndi kulemba m'masentimita muyeso wa pachifuwa, wa m'chiuno komanso kutalika kwake wogula asanatumize ndalama.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Ntcheu