Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya "a" ndi "an"

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno kumudzi tili bwino, ndipo mayi ako akupereka moni. Kalata yako yofunsira ntchito ija ndaiwerenga kawiri, ndipo yandisangalatsa, koma pali malo awiri amene sindikanatha kuwalumpha. Pamwamba unalemba kuti "a MSCE certificate", ndipo m'munsi mwake unalemba kuti "an university degree". Zolakwika ziwirizi muzu wake ndi umodzi, n'chifukwa chake ndaona kuti ndikulembere bwinobwino m'malo mongokonza mwakachetechete.

Ife olankhula Chichewa tilibe timawu totere totsogolera dzina, komanso tinazolowera kukhulupirira maso chifukwa chinenero chathu chimalembedwa monga momwe chimamvekera. Ambiri tinaphunzitsidwa kuti "an" amakhala patsogolo pa mawu oyamba ndi a, e, i, o, u, ndipo inenso m'zaka zanga zoyambirira za uphunzitsi ndinkauza ana choncho, zomwe ndimadandaula nazo mpaka lero. Lamulo lenileni silitsata chilembo chimene chili papepala, koma liwu loyamba kutuluka pakamwa. Ngati liwulo ndi vawelo, timaika "an"; ngati ndi konsonanti, timaika "a".

Chichewa chathu chomwechi chikhoza kukuthandiza, pakuti makolo pobwereka mawu a Chingerezi ankatsata khutu. Timati yunivesite ndi yunifolomu, ndipo "y" amene akuoneka m'mawu athuwa ndi yemwe Mngelezi amatchula ngakhale samulemba, choncho timati "a university" ndi "a uniform". Koma timati ambulera, mawu oyamba ndi vawelo, ndipo mpake kuti Chingerezi chimati "an umbrella". Momwemonso timati "a European" ndi "a one-year course", chifukwa "European" amamveka ngati akuyamba ndi "y", ndipo "one" amamveka ngati akuyamba ndi "w".

Chilembo cha "h" chimapusitsa anthu kumbali inayo. M'mawu akuti hour, honest, honour ndi heir sichitchulidwa konse, choncho timati "an hour" ndi "an honest worker", pamene m'mawu akuti hospital ndi house chimamveka, ndipo timaika "a".

Pamene ndikufuna usamale kwambiri ndi pa mayina ofupikitsidwa, chifukwa ndiwo adzaza m'makalata a m'maofesi. Ukamatchula chilembo chimodzichimodzi, mvetsera dzina la chilembo choyamba: M amatchulidwa "em", N amatchulidwa "en", S amatchulidwa "es", ndipo onsewa akuyamba ndi vawelo. N'chifukwa chake timati "an MSCE certificate", "an MP", "an NGO" ndi "an SMS", koma "a UN vehicle", popeza U amatchulidwa "yu". Kumbukiranso kuti kamawuka kamamvera mawu oyandikana nako, osati dzina lomwe lili patali: timati "a teacher", koma "an experienced teacher".

Pali chinanso chimene chingakukole pa tsiku la mayeso a ntchito. Timawu tiwiriti tinachokera ku mawu a Chingerezi chakale otanthauza "chimodzi", ndipo m'kupita kwa nthawi "n" anagwa patsogolo pa makonsonanti. Popeza tanthauzo lake ndi limenelo, timawuti sitingakhale pa zinthu zimene Chingerezi sichiziwerenga chimodzichimodzi monga advice, information, luggage ndi equipment. Ndamvapo anthu ophunzira bwino akunena kuti "an advice", koma iwe uzinena kuti "some advice" kapena "a piece of advice".

Ndikudziwa kuti ena anganene kuti izi n'zazing'ono, koma munthu amene ali ndi mulu wa makalata patebulo sakudziwa khama lako monga ndikulidziwira ine, amangoona zomwe zili papepalapo. Usanatumize, tseka chitseko, uwerenge kalata yonseyo mokweza pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene lilime lakakamira uimepo. Ukatero unditumizirenso ndione, tsiku lomaliza kulandira makalata lisanafike.

Ndine bambo ako.