Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Yunivesite: ife a digiri yachiwiri ya magetsi a dzuwa tatopa kudikira

Bwana Mkulu wa Yunivesite,

Landirani moni. Ndikulemba m'malo mwa ophunzira a digiri yachiwiri ya uinjiniya wa magetsi a dzuwa, amadzi ndi amphepo, anthu amene analipira fizi yonse koma mpaka lero sakudziwa tsiku lodzavala mkanjo. Tinayamba mwaulemu. Tinalembera mkulu wa dipatimenti, tinakwera kwa mkulu wa fakalite, tinafika ku ofesi yoona za maphunziro a digiri yachiwiri, kenako ku ofesi yanu yomwe. Alembi anu anatilandira bwino, anadinda kalata yathu, n'kutiuza kuti bwana ali kumsonkhano. Yankho silinabwere. Musadabwe tsono kuti nkhaniyi yafika pabwalo.

Pali mnzathu wina, mayi wa ana awiri, amene dzina lake sinditchula poti pepala lake la kafukufuku lidakali m'manja mwanu. Ntchito yake ndi yokonza zipangizo m'zipatala zing'onozing'ono za kuchigwa cha Shire. Anabwera kusukulu ndi funso lomwe analitola kuntchito, osati m'buku: n'chifukwa chiyani sola ya pachipatala imafa pakangopita zaka zochepa, pamene mapanelo amayenera kukhala zaka 20 n'kupitirira? Atayendayenda anapeza kuti mapanelo alibe vuto, angoti mbuu ndi fumbi. Chomwe chimafa ndi mabatire. Amawatsekera m'kachipinda kofolera malata kopanda ndi zenera lomwe, kudera kumene mwezi wa Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40. Batire ya mtovu imayesedwa pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umadulidwa pakati. Anapeza mabatire otupa m'mbali, ena atayera pamitu. Pena wina anachotsa mawaya pa charge controller, kachipangizo koteteza batire kuti isadzaze kapena kutha mopyola muyeso, n'kulumikiza mwachindunji kuti azitchajitsa mafoni, batire n'kumakamidwa usiku uliwonse mpaka kuuma. Zotsatira zake amazidziwa ndi anamwino: kuchiritsa mayi pakati pa usiku foni ili kukamwa kuti iwunikire, ndiponso katemera woyenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 kumanyamulidwa pa njinga yamoto kupita kuchipatala china.

Kuti izi zikhale kafukufuku osati nkhani ya m'minibasi, mayiyu anafunika zida ziwiri zokha: data logger yolemba yokha kutentha ndi mphamvu ya batire ola ndi ola, ndi pyranometer yoyezera kuwala kwa dzuwa. Kudipatimenti anamuuza kuti zili ku labu. Ku labu anamuonetsa kabati yokhoma, kiyi wake anapita naye mphunzitsi amene ali kunja kukachita PhD. Kabatiyo itatsegulidwa, munapezeka pyranometer imodzi yomwe palibe akukumbukira kuti inatsimikizidwa liti ngati ikuyeza zoona. Data logger munalibe.

Anatenga ngongole ku banki m'khonde kuti aitanitse yakeyake kuchokera ku South Africa. Ndalama zisanatumizidwe, mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ngongole inatsala, chida sichinabwere. Ndiye anachita zimene Mmalawi amachita: anatenga multimeter ya kuntchito yoyezera mphamvu ya magetsi, thermometer ya ku wodi ndi kope lachikuto cholimba, n'kumagona pa benchi ya odwala, kudzuka usiku kukawerenga mabatire. Masiku amene anali kuchipatala china, mlonda ndi amene ankamulembera manambala. Kopelo ndinaliona. Masamba ena ali ndi madontho a kandulo, ena malemba a mlondayo, 7 wake wooneka ngati 1.

Pepala analemba, anapereka. Linakhala pa tebulo la woyang'anira kafukufuku wake miyezi yambirimbiri. Litachoka apo linapita kwa woyesa wa kuyunivesite ina, ndipo tamva kuti woyesayo wagwira lipoti lake chifukwa yunivesite yathu sinamulipire ntchito ya gulu lomwe linatitsogolera. Ine sindimuimba mlandu, naye amadya. Koma taonani chimene ofesi ya zachuma ikuchita: semesita iliyonse imene pepala lagona mu dirowa ya munthu wina, mayiyu akulandira invoisi ya fizi yopitirizira maphunziro. Akulipiritsidwa chifukwa cha kuchedwa kwa yunivesite. Kuntchito kwake mpando wokwera unatuluka, unafuna satifiketi, anautenga wina. Azimayi a banki m'khonde anafika pakhomo pake kudzaona ngati firiji ingakwanire ngongole.

Bwana, kodi zimenezi mukuzidziwa? Ngati mukuzidziwa, n'zomvetsa chisoni. Ngati simukuzidziwa, wina akukubisirani, ndipo mumufunse.

Zina ndingozitchula mothamanga. Mapulogalamu a kompyuta opangira mapulani a sola, PVsyst ndi HOMER, tikugwiritsa ntchito oyesera a masiku ochepa, akatha timabwerekana ma laputopu. Magazini a kafukufuku pa intaneti anatsekeka chifukwa laibulale sinalipire. Ambiri a ife ndi apantchito, timapempha tchuthi, kulipira basi ndi malo ogona, n'kufika kuno kudzamva kuti aphunzitsi ali ku wekishopu kunyanja. Panelo la mu labu ndi losweka galasi. Ulendo wokaona malo opangira magetsi unalembedwa pa ndondomeko ya maphunziro, fizi yake tinalipira, basi sinanyamuke. Ndipo madzulo ena tinaphunzira za kusunga magetsi m'mabatire tili mumdima, magetsi atazima, jenereta ya pasukulu ilibe dizilo. Tinaseka, koma sizinali zoseketsa.

Sindikunyoza aphunzitsi athu. Pakati pawo pali akadaulo enieni, ena amagula mawaya ndi ma fuse ndi ndalama za m'thumba mwawo, wina anatibwereka galimoto yake kupita kumudzi kukayeza pampu. Koma munthu mmodzi akapatsidwa makalasi a digiri yoyamba odzaza holo, n'kumuwonjezera gulu la ife kuti atiyang'anire, malipiro a ntchitoyo osaoneka, adzathamangira kumene kuli alawansi. Amene anakonza zinthu motero si iyeyo. Ndi ofesi zapamwamba, ndipo yapamwamba kwambiri ndi yanu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti dziko likufuna akatswiri a magetsi ngati ife dzulo. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi a m'nyanja atatsika mu 2016 ndi 2017 tinakhala mumdima mpaka tinachita kubwereka majenereta a dizilo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, ndipo anabwerera mu 2023. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 ndi zomwe zinkawunikira magetsi, ndipo kuphika pafupifupi tonse tikudalira nkhuni ndi makala, mapiri n'kumayera, dothi n'kumatsikira mu Shire kukatseka pomwe makina amamwera madzi. Pano ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60, ku Golomoti wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire ake. Mtambo ukadutsa pa Salima masana, mphamvu imatsika mwadzidzidzi, ndipo gridi yaing'ono ngati yathu, kunena mawaya onse ogawa magetsi m'dziko muno, imagwedezeka. Ndani awerengetse kuti ingalandire sola yochuluka bwanji isanayambe kugwa? Chingwe cholumikiza ife ndi Mozambique, damu la Mpatamanga, timagetsi ta m'midzi ngati ta kwa Bondo ku Mulanje ndi ku Sitolo ku Mchinji, zonsezi zili ndi mafunso amene munthu wa digiri yachiwiri angakhale nawo chaka chathunthu. Tikapanda kuwayankha ife, adzabwera katswiri pa ndege, kugona ku hotela sabata ziwiri, kulipidwa madola, n'kulemba lipoti pogwiritsa ntchito manambala amene anamutolera ndi wophunzira wanu yemwe uja wa kope.

Mukukumbukira tsiku lotilandira? Munabwera nokha, munavala suti ya buluu. Munati pulogalamu imeneyi ndi yankho la yunivesite pa masomphenya a Malawi 2063. Munati padenga la nyumba ya uinjiniya padzaikidwa zida zoyezera dzuwa ndi mphepo chaka chisanathe. Munati pali mgwirizano ndi yunivesite ya kunja ndipo ena a ife adzapita kukagwiritsa ntchito labu yawo. Munati munthu adzalowa ndi kutuluka pa zaka ziwiri. Tinaomba m'manja, ena tinajambula pafoni. Denga lija lero kuli nkhunda. Za mgwirizano tinangoona chithunzi cha anthu akusainirana. Zaka ziwiri zija zinadutsa kalekale, koma kabuku koitanira ophunzira atsopano kakulonjezabe labu yamakono, ndipo gulu latsopano lalipira kale. Tikafunsa amatiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha, bwana. Nkhono yake sitikuiona n'komwe.

Tikudziwa kuti ndalama zochokera kuboma sizikwana ndipo ndalama zakunja n'zovuta. Koma fizi ya digiri yachiwiri timalipira tokha, yonse, ndipo muli gawo lolembedwa kuti la kafukufuku ndi la mayeso. Ndalama imeneyo inapita kuti? Data logger zingapo ndi pyranometer imodzi yabwino sizifika ngakhale pa mtengo wa wekishopu imodzi ya kunyanja.

Chimene tikufuna ndi ichi. Imitsani lero fizi yopitirizira kwa aliyense amene anapereka pepala lake, ndipo amene analipira kale mubwezere, kuyambira mayi ndatchula uja. Lipirani oyesa akunja kuti malipoti atuluke. Lembani lamulo, likhomedwe pa bolodi, loti woyang'anira abweze chaputala cha kafukufuku pasanathe mwezi ndipo woyesa asapyole miyezi iwiri, ndipo akalephera wophunzira adziwe khomo logogoda. Tionetseni papepala mmene gawo la kafukufuku la fizi yathu lagwirira ntchito, ndipo zida zigulidwe semesita ino, zikhale m'manja mwa tekinishani wa labu amene amapezeka tsiku lililonse, osati mu kabati ya munthu. Ngati zimenezi sizingatheke, musalembenso ophunzira ena mpaka zitatheka, ndipo chotsani mawu a labu yamakono mu kabuku kaja.

Tikupemphanso kuti mukumane nafe inuyo, osati nthumwi, semesita ino isanathe. Tidzabwera ndi malisiti, makalata odindidwa aja ndi mndandanda wa mapepala onse amene aima, aliyense ndi tsiku lomwe anapereka. Semesita ikatha muli chete, mafayilo omwewo tikawatula ku bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite la National Council for Higher Education ndi ku komiti ya zamaphunziro ya Nyumba ya Malamulo.

Ine wanu,
Mmodzi wa ophunzira a digiri yachiwiri, m'malo mwa anzanga onse