Kalata kwa Bwenzi Langa ku Daejeon

Wokondedwa achimwene,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino kumeneko. Kalata yanu ndinailandira, koma mawu amodzi andisowetsa mtendere, pomwe munanena kuti chiyambireni ntchito mumagona maola 5 okha ndipo anzanu a ku Korea saona chachilendo pa zimenezi.

Nkhani ya tulo ndi mafuta a m'magazi yafufuzidwa kwambiri m'dziko limene mulilo. Mu 2018, akatswiri a pa Seoul National University anafalitsa zomwe anapeza ataunika anthu oposa 130,000 a zaka 40 mpaka 69. Amuna ogona maola osakwana 6 ankapezeka kawirikawiri ali ndi mimba yaikulu komanso mavuto oyendera limodzi, monga kuthamanga kwa magazi, shuga wokwera ndi mafuta osokonekera. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ogona maola oposa 10 nawonso sanapulumuke: mafuta otchedwa triglyceride ankawakwerera, ndipo mwa akazi mtundu wina wa mafuta a m'magazi, cholesterol wabwino wa HDL, amene amathandiza kuchotsa mafuta m'mitsempha, ankakhala wotsika.

Ndinene mosabisa kuti kafukufuku wotere amangosonyeza kuti zinthu ziwirizi zimapezeka pamodzi, osati kuti china chimabala chinzake. Munthu wogona nthawi yaitali akhoza kukhala kuti akudwala kale, kapena amabanika kutulo moti thupi silipuma mokwanira ngakhale atakhalitsa pabedi. Koma za inu ogona pang'ono, njira yake ndi yodziwika. Tulo tikachepa, timadzi ta m'thupi todzutsa njala timachuluka pomwe todziwitsa munthu kuti wakhuta timachepa, choncho munthu amalakalaka zonona ndi zotsekemera, makamaka usiku. Mukaphatikizapo madyerero a akuntchito aja munandiuza, omwe mumadya nyama yankhumba yowotcha ndi kumwa mowa wa soju mpaka pakati pa usiku, ndiye kuti chiwindi chikupatsidwa ntchito yopanga mafuta ambiri pa nthawi yomwe thupi limayenera kupuma. Lamulo loletsa kugwira ntchito maola oposa 52 pa sabata linayamba kugwira ntchito kumeneko mu 2018, koma silingakugonekeni pabedi ngati inu eni simufuna.

Choopsa cha cholesterol wokwera n'chakuti munthu samva kuwawa paliponse. Ambiri amadzadziwa mtima utavulala kale kapena atafa ziwalo. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mupite kuchipatala mukayezetse magazi m'mawa musanadye kanthu, ndipo mufunse manambala anayi: cholesterol yense, LDL (cholesterol woipa amene amatseka mitsempha), HDL ndi triglyceride. Kumeneko madokotala amaona kuti pali vuto ngati cholesterol yense wafika 240, LDL 160, triglyceride 200, kapena ngati HDL watsika kuchepera 40. Muwauzenso maola amene mumagona, ndiponso ngati mumaliza mkonono.

Pakadali pano yesetsani kufikitsa maola 7 usiku uliwonse, ngakhale zitatanthauza kutsanzika msanga pa madyererowo. Zotsatira zikatuluka, mundilembere manambala onse anayi.

Ndine bwenzi lanu,
wokukumbukirani nthawi zonse.